Mankhwala ngaulere, nanga mpweya wokawatengera?

Pali mawu amodzi amene ndikufuna achoke m'kamwa mwa aliyense wogwira ntchito zaumoyo m'boma lino la Mambwe, kuyambira namwino wa pakiliniki mpaka mabwana obwera pa galimoto zoyera kudzasanthula mabuku. Mawuwo ndi akuti "samvera". Wodwala uyu samvera, anathawa mankhwala, sabwera pa tsiku lake. Ndinawamva ndi makutu anga akunenedwa kwa amayi anga aang'ono, munthu wa zaka zopitirira 60, atakhala pabenchi chifuwa chikulira ngati mvukuto wobooka. Anali atadumphitsa tsiku lawo ndi masabata atatu. Namwinoyo sindimutchula, ndipo sindimusungira chakukhosi, pakuti anali yekha pakati pa anthu odzaza khonde lonse. Anati, "Ambuya, inu simumvera. Nanga ife tikuthandizeni bwanji?" Amayi anangoyang'ana pansi. Oona anayesa ndi manyazi, koma ine amene ndinawakankha panjinga kuchokera kumudzi ndinadziwa kuti mpweya woyankhira unali utathera panjira.

Matenda awo ndi a anthu ambiri kuno, kungoti alibe dzina limodzi lomwe tonse timalidziwa. Zaka zapitazo anadwala TB. Anamwa mankhwala miyezi 6 yonse osaphonya, ndipo anauzidwa kuti achira. Anachiradi, ngati kuchira ndi kufa kwa tizilombo. Koma TB ikamachoka imasiya zipsera m'mapapo, timachubu ta mpweya timafutukuka n'kumasunga makhololo, mbali ina ya papo imauma osatambasukanso. Onjezani zaka 50 za kuweramira pa mafuwa m'kakhitchini kopanda zenera, utsi wa nkhuni za mupani uli tolo. Chotsatira chake ndi chifuwa chosatha, befu pokwera kamtunda kakang'ono, ndi usiku wogona chokhala. Madokotala ali nawo mayina. Pali mphumu, imene ena timati asima. Pali COPD, pamene njira za mpweya zawonongeka mosabwereranso. Palinso matenda a m'mapapo otsalira TB ikatha, amene akatswiri anachita kuitanirana msonkhano wawo woyamba wa dziko lonse ku Stellenbosch mu 2019. Mu 2019, pamene agogo athu akhala akutsokomola chotere kuyambira nthawi ya atsamunda! Bungwe la WHO likuti chaka chomwecho COPD inapha anthu 3.23 miliyoni, ndipo mphumu inali ndi anthu 262 miliyoni n'kupha 455,000. Ochuluka mwa omwalira asanakalambe ndi a m'mayiko onga lathuli.

Za matendawo ndalekera pomwepa. Chimene ndikulimbana nacho ndi kulemera kwa chithandizo chake, mtolo umene timasenzetsa wodwala kenako n'kumudzudzula akauponya pansi.

Tiyeni tiwerenge ulendo umodzi wokha wokatenga mankhwala. M'chigwa muno munthu sanyamuka tambala woyamba akalira monga amachitira anzathu a kumtunda ku Chipata kapena ku Katete. Nthawi imeneyo njovu zimakhala zikadali m'njira, zikuchokera m'minda ya anthu. Uyenera kudikira kuche. Kukacha, dzuwa la mu Okutobala limakhala litakwiya kale, ndipo pofika masana kutentha kumapitirira madigiri 40. Ngolo n'zosowa, pakuti kashembe salola ng'ombe kuswana m'madera ambiri a kuno. Yotsala ndi njinga, kapena honda ngati m'nyumba muli kandalama, ndipo fumbi la panjira limadzutsa chifuwa chomwe mukukachiritsacho. Wodwala mapapo sangapite yekha, choncho womuperekeza wasiya khasu kapena wajomba kusukulu. Mukafika mzere watalika kale, chifukwa amphamvu anafika msanga. Mukathandizidwa dzuwa litapendeka, muyenera kufulumira kuti mdima usakupezeni, chifukwa cha njovu zomwe zija. Imeneyo ndi nyengo yabwino. Mvula ikagwa, Lupande ndi Msandile zikadzaza, dothi lakuda la m'madambo likasanduka phala, anthu a kwa Malama ndi kwa Nsefu amadziwa okha kuti tsiku lolembedwa m'kabuku lidzafika iwo ali tsidya lino.

Wina anena kuti wodwala shuga kapena BP amayenda ulendo womwewu. Inde, ndipo nayenso ngwomvetsa chisoni. Koma wodwala mapapo timamulipiritsa ndi chinthu chenicheni chomwe alibe. Kuyenda n'kumene kumamukanika, ndipo ife timati ayende mwezi ndi mwezi kuti aonetse kuti akufuna kuchira.

Mu Epulo 2006 boma la Levy Mwanawasa linachotsa malipiro m'zipatala za m'maboma a kumidzi, ndipo linachita bwino. Koma kuyambira pamenepo mawu akuti "ulere" asanduka chibonga chokhomera odwala. "Mankhwala ngaulere, inu vuto lanu n'chiyani?" Ulerewo umayambira pakhomo la kiliniki n'kuthera pomwepo. Chaka chimene amayi anadwalika kwambiri, mbuzi ziwiri zinapita, ndalama ya thonje inatha tisanaione bwino, ndipo mdzukulu wawo wamkazi, amene ankawaperekeza, anabwereza kalasi. Palibe buku la kuchipatala limene linalemba mbuzi zimenezo. Za inshuwalansi ya NHIMA, imene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2018, musandiuze n'komwe. Kwa wapantchito amangodula 1 peresenti kumalipiro mwezi ukatha. Mlimi wa thonje amaona ndalama kamodzi pachaka, ndipo khadi lililonse limene angakhale nalo silimunyamula kuchoka pakhomo.

Mu 2009 akatswiri atatu, Carl May, Victor Montori ndi Frances Mair, analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ kuti kukhala wodwala matenda osatha ndi ntchito, ndipo dokotala akamawonjezera mapilisi, maulendo ndi malamulo osayeza mphamvu za wodwalayo, chithandizo chomwecho chimasanduka matenda ena. Analemba ali ku Britain ndi ku America, kumene basi imaima pafupi ndi khomo. Ngati iwo anaona kuti mtolo walemera kumeneko, akanati chiyani akanaima pa doko la Lupande mu Febuluwale?

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti pamapeto pa ulendo wonsewu, zimene amayi ankabwera nazo m'kathumba kawirikawiri sizinali za matenda awo. Chifuwa chikakula ankauzidwa kuti apereke makhololo, pakuti kwa ife chifuwa chilichonse chopitirira masabata awiri ndi TB mpaka chitakanidwa. Kupereka makhololo ndi ulendo, kukamva zotsatira ndi ulendo wina. Zotsatira zimati TB palibe, ndiye amapatsidwa amoxicillin, panado ndi timapilisi ta salbutamol, "mukapanda kusintha mubwerenso". Ndinawerengapo m'kabuku kawo maulendo anayi otere m'chaka chimodzi. Kuyeza TB n'kofunika, chifukwa imatha kubwereranso. Koma makina a GeneXpert nthawi zina amapeza zotsalira za tizilombo takufa kale mwa munthu amene anachira, ndipo osasamala akhoza kumuyambitsanso miyezi 6 ya mapilisi amene sangachotse chipsera ngakhale chimodzi. M'zaka zonse zimene ndawaperekeza, palibe anawapatsapo kachubu kuti auziremo, ayeze kuchuluka ndi liwiro la mpweya wotuluka m'mapapo mwawo. Kuyeza kumeneku, kumene amati spirometry, ndi kumene kumasiyanitsa mphumu ndi COPD. Popanda kuyezako namwino amangolota, ndipo olakwa si iyeyo, n'chimodzimodzi kupatsa mmisiri matabwa wopanda chingwe choyezera.

Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito, pakuti mankhwala ake ngosiyana. Piritsi la salbutamol limayenda thupi lonse lisanafike m'mapapo, n'chifukwa chake manja amanjenjemera ndipo mtima umagunda ngati ng'oma. Inhela imaponya mankhwala ochepa pamalo enieni. Yabuluu imatsegula njira za mpweya kwa maola ochepa basi. Kwa wodwala mphumu, yofunika koposa ndi ina ija, kawirikawiri yabulauni, ya beclometasone kapena budesonide, imene imaphwetsa kutupa kwa m'kati ndi kuletsa kubanika kusanayambe. Mu 2019 bungwe la GINA, lotsogolera za mphumu padziko lonse, linasiya kulangiza kuti achikulire ndi achinyamata azidalira yabuluu yokha. Kwa wodwala COPD pali ina yotsegula njira tsiku lathunthu, monga tiotropium. Onsewa ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Mwana wa neba wathu, amene wabanika kuyambira ali wamng'ono, inhela yabulauni anayamba kuiona mayi ake atachita kuitumiza kwa wachibale wa kutauni kuti akagule kufamase. Ikatha, amabwerera ku timapilisi ndi kukagonekedwa kuchipatala usiku. Ndiye tiziti mayi ameneyu samvera?

Pali kanthu kena kotchipa mpaka kuchititsa manyazi. Ana ndi okalamba amalephera kugwirizanitsa kudina inhela ndi kukoka mpweya, mankhwala n'kumathera pa lilime. Chothandiza ndi kachibekete koika pakati pa inhela ndi pakamwa. Mu 1999 dokotala Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaonetsa kuti botolo la pulasitiki la 500 ml, loboola kumatako kwake n'kulowetsamo inhela, limagwira ntchito mofanana ndi chogula. Mabotolo amenewa ali mbwee m'ngalande za pa Cropping. Amayi anasunga inhela yawo yoyamba zaka ziwiri akuipopera m'kamwa ngati mafuta onunkhira, popanda wina wokhala nawo pansi mphindi zisanu kuwaonetsa.

Malangizo ndiye aulere enieni, amaperekedwa mosaumira. "Ambuya, pewani utsi." Apewe bwanji? Nsima aphikira chiyani? Amene ali pafupi ndi mawaya a magetsi ku Mfuwe ndi ku Jumbe nawonso mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, anabwerera ku malasha chifukwa malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba chigwa chonse chimafuka ndi moto wa m'tchire, maunyolo a njerwa akuotchedwa, fumbi likuuluka. Mbaula zosadya nkhuni zambiri zimene mabungwe amalimbikitsa n'zabwino, zimapulumutsa mitengo ndi misana ya akazi otola nkhuni. Koma tisanamizane kuti ndi mankhwala. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'dziko la Malawi anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zokhala ndi fani sizinachepetse chibayo mwa ana aang'ono, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anaganizira n'chakuti utsi m'mudzi umachokera mbali zambiri. Kuuza mayi mmodzi kuti apewe utsi ndi kumusenzetsa yekha mlandu wa mudzi wonse, wa boma lonse.

Akakula matenda amati "tikutumizani". Kalata yotumizira munthu ku chipatala chachikulu ndi kapepala kopepuka, koma kumasulira kwake ndi minibasi ya anthu awiri mtunda wopitirira makilomita 100 kukwera phiri kupita ku Chipata, chakudya, pogona, ndi kubwerako kawiri kapena katatu. Akati ku Lusaka ndi makilomita ena opitirira 500. Mabanja ambiri amalandira kalatayo mwaulemu, kuipinda bwino, n'kuisunga m'Baibulo. Ineyo ndinaipindapo. M'buku mwalembedwa kuti wodwala anakana.

Tsono wina asandiuze kuti njira yopepukitsira mtolowu siidziwika, pakuti tinaiphunzira kale pa matenda ena, ndipo anaitulukira ndi anzathu olankhula chinenero chomwechi. Mu 2008 ku Tete, kuseri kwa malire kuno, anthu omwa ma ARV mothandizidwa ndi a Médecins Sans Frontières ndi azaumoyo a boma la Mozambique anayamba timagulu ta anthu osapitirira 6. Mwezi uliwonse mmodzi amapita kukatengera onse, ndipo tsiku lomwelo iye amaonedwa ndi namwino. Maulendo 12 pachaka anasanduka awiri. Zambia inatengera njirayi, ndipo lero womwa ma ARV amene thupi lake lili bwino amapatsidwa a miyezi 3 mpaka 6 nthawi imodzi. Ku Neno m'Malawi, kuyambira 2015, a Abwenzi Pa Za Umoyo ndi boma anaphatikiza kiliniki ya ma ARV ndi ya matenda ena osatha, mphumu yomwe, kuti munthu aonedwe zonse pa ulendo umodzi pafupi ndi kwawo. Kwathu kuno mayi womwa ma ARV amene alinso ndi mphumu akhoza kutenga botolo la miyezi 6 pakhomo limodzi, pakhomo linalo n'kuuzidwa kuti abwerenso mwezi wamawa. Thupi ndi lomwelo, njovu za panjira ndi zomwezo.

Ndikudziwa yankho lake. Ma ARV ali ndi ndalama za akunja, za PEPFAR ndi Global Fund, pamene mapapo alibe mwini. Ndikudziwanso kuti m'chigwa muno malungo amapha ana, amayi apakati amafuna thandizo lamsanga, ndipo anamwino ngochepa. Zonsezi n'zoona ndipo sindikupempha kuti achotse neti pa mwana agulire agogo inhela. Koma yankholi likuulula chinthu chonyansa: kuti timasamala matenda amene mlendo wasankha kulipira. Mu Meyi 2025 kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula madola 50 miliyoni pachaka a mankhwala, ponena kuti mankhwala othandizira odwala ankabedwa n'kumagulitsidwa m'mafamase. Tsiku limenelo tinayenera kuphunzira ziwiri, kuti dzanja la mlendo limatha kubwerera, ndiponso kuti pakati pa nyumba yosungira mankhwala ku Lusaka ndi shelefu ya kiliniki ya kumudzi pali mbewa zonenepa. Ndipo zambiri zimene ndikunenazi sizifuna dola. Kulemba tsiku la miyezi itatu m'malo mwa mwezi umodzi sikufuna dola. Kulola mdzukulu kukatengera agogo ake inhela sikufuna dola. Kupereka mankhwala okwanira mu Novembala kuti afike mu Epulo kumafuna munthu amene anakhalapo m'chigwa nyengo ya dzinja, n'kuitanitsa katundu nthawi yake.

Ndalama za pafupi zilipo. Mu 2022 thumba la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo lakhala likukwerabe. Dera la Malambo limalandira gawo lake. Taona makalasi, madesiki, nyumba za amayi oyembekezera, ndipo n'zabwino. Koma inu a m'makomiti a mawodi, ndi liti munaikapo pa pepala kachubu kapulasitiki koyezera mpweya, kamene sikafuna n'komwe magetsi, kapena kachipangizo kopana chala koyeza okosijeni m'magazi, kapena sola yoti makina a okosijeni asazime malaiti akapita? Zinthu zimenezi sizidulidwa riboni, n'chifukwa chake sizikumbukika. Ambulansi timaiombera m'manja, koma imabwera munthu atagwa kale. Pachipatala cha Mulago ku Kampala anayesa kuphunzitsa odwala otsala ndi mabala a TB masewera olimbitsa thupi ndi kapumidwe kwa masabata 6, ndipo anayamba kuyenda mtunda wotalikirapo. Zimenezo zingachitike pansi pa mtengo wa mango pa Masumba kapena ku Msoro, pakhale munthu mmodzi wophunzitsidwa ndi njinga yoyendera.

Kenako pali nyama. Mlendo wochokera ku London amatera pa bwalo la ndege la Mfuwe atauluka ola limodzi ndi mphindi zochepa kuchokera ku Lusaka, kudzaona njovu za mu South Luangwa. Njovu zimenezo ndi zomwe zimachedwetsa amayi kunyamuka. Eni malo ogona alendo akhala akuthandiza kuti pakhale dokotala ku Kakumbi, ndipo pamenepo tiyamike poyera. Koma Kakumbi ndi pakhomo pa paki, ndipo ufumu wa Akunda uli ndi mafumu asanu ndi mmodzi. Ma Community Resources Board a mu Lupande, amene amalandira gawo la ndalama za ulenje m'dzina la anthu, akhale pansi ndi mafumu athu awerengere kuti kuchedwa kwa wodwala chifukwa cha njovu nakonso ndi chiwonongeko cha nyama, mofanana ndi munda wodyedwa.

Sindingamalize osatembenukira kwa ife eni, chifukwa gawo lina la mtolowu timawonjezera tokha. Timanong'onezana kuti inhela ukaiyamba sungaisiye, kuti imafooketsa mtima, kuti ndi ya munthu amene watsala pang'ono. Mtsikana amaibisa kuti asasowe banja. Munthu akatsokomola chaka chathunthu timayamba kumupatulira kapu, ena n'kumati ndi kachilombo, ena n'kuloza nkhalamba ya kuseri kwa mudzi, mbuzi yachitatu n'kupita kwa sing'anga. Inhela siizolowereka ngati fodya. Munthu amaifuna tsiku ndi tsiku chifukwa matendawo ndi a tsiku ndi tsiku. Ndipo abambo amene mumapichira balani m'nyumba momwe mkazi wanu akubanika, kenako madzulo n'kufunsa kuti nsima yachedweranji, musayembekeze kuti ndikunenerani boma.

Amayi akadali moyo. Tinawapangira botolo lija, ndipo khitchini tinaigumula khoma limodzi kuti utsi uzituluka. Mdzukulu wina ndiye amaphika tsopano. Ulendo wapitawu ndinapempha kuti atipatse inhela zitatu chifukwa mvula yayandikira. Anatipatsa imodzi, akuti zatsala zochepa ndipo anthu ngambiri, ndipo ndinaona ndekha kuti sakunama. M'kabuku analemba tsiku lobwerera la pakati pa Januwale. Pobwerera panjinga amayi anandigwira phewa kuti ndiime apumeko, ndipo befu litatsika anati, "Mwanangu, ukakhala ndi mpata ukamuuze namwino uja kuti m'Januwale akadzandisowa asadzalembe kuti ndathawa. Adzalembe kuti mtsinje wadzaza."